Mendulo ya Abishopu

1

Dzina langa ndine Hana, wa ku Malindi kuno ku Mangochi. Ngati mukuyembekeza kuti ndilira m'nkhani muno, pepani, misozi ndinamaliza kale. Ndingokuuzani mmene zinayendera, kuseka kapena kumva chisoni zili kwa inu.

Kwathu kunalibe ng'ombe, kunalibe boti la injini, koma kunali mabaji. Ababa anga, a Petulo, anagwira ntchito yoperekera zakudya m'sitima ya panyanja kuyambira ine ndisanamere mano mpaka imvi zitawadzadza m'mutu. Sitima ikanyamuka pa Monkey Bay ulendo wa kumpoto, munkakwera anthu a mitundumitundu: ansembe, asilikali, aphunzitsi, azungu oyendera dziko. Anzawo a ababa ankapempha ndudu kapena jekete lakutha. Iwo ankangoloza pachifuwa pa munthu n'kunena kuti, "Kameneko n'kokongola, bwana." Basi, kabaji kaja kalowa m'thumba.

Atapuma ntchito anakhoma bolodi, kuliyala nsalu yakuda, kubayapo mabaji mizeremizere, n'kutsekera galasi. Analipachika pabalaza moyang'anana ndi khomo, kuti mlendo asanaone mpando ayambe waona ilo. Panali a masikauti, a kwaya, a kampani ya njanji, a matimu a mpira amene anatha kalekale. Osakwana pabolodi ankakhala m'chitini cha mabisiketi, lililonse m'kansalu kake konyowa ndi mafuta a makina osokera, chifukwa chinyezi cha kunyanja kuno sichichedwa kudya chitsulo. Galasi ndinkapukuta ndine, koma chitini ankachigwira ndi eni ake okha.

Ine ndinakula ndikudziwa kuti ife si anthu wamba. Ababa ankati anakulira pa mishoni, mwana wamasiye woleredwa ndi ansembe, ndipo zoti kwawo n'kuti sitinkafunsa. Munthu amene kwawo ndi pa mishoni ungamufunsenso chiyani?

2

Nkhondo ya ku Mozambiki itavuta, anthu anayamba kuwoloka malire cha ku Namwera atasenza mphasa, mapoto ndi ana. Chisoni ndinali nacho, musandiyese chilombo. Ku bungwe la amayi a mpingo tinasonkha zovala, ndipo ine ndinapereka zitenje ziwiri, chimodzi chosang'ambika n'komwe. Kungoti kumvera munthu chisoni n'kwina, kudya naye pachibale n'kwina.

Mwana ndinali naye mmodzi yekha, Nicholas. Bambo ake anapita ku migodi ya ku Joni mwanayo akukwawa, ndipo mpaka lero akadali m'njira, akubwera. Nicholas anapeza ntchito yoyendetsa lole yonyamula ufa ndi nandolo kupita ku kampu ya othawa nkhondo cha ku Chiponde. Ndinayamika Mulungu, osadziwa chimene ndikuyamikira.

Lamlungu lina titabwera ku tchalitchi, anakhala pampando osavula n'komwe tayi.

"Amayi, ndapeza mbeta."

"Ambuye alemekezeke. Mwana wa yani?"

"Wa a Carlos. Dzina lake ndi Triza."

"A Carlos ake ati? Pa Malindi pano palibe Carlos."

"A kukampu."

Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Iwe, anakulemba ntchito yokatsitsa matumba kapena yokatola anthu?"

"Ndi munthu wabwino, amayi. Mudzamuona."

"Wabwino kwawo kuli kuti? Mudzi wake ndi tenti?"

Pakamwa ndinkanena zimenezo, koma chenicheni chinali china, ndipo ndikuuzani mosabisa: ndinachita mantha. Kuno mwamuna amatsata mkazi. Nkhondo, kaya italike bwanji, imatha, ndipo tsiku lodzatha anthu aja adzamanga katundu wawo, mkamwini pambuyo atasenza mtondo. Mwamuna wanga anamezedwa ndi malire ena, tsono mwana wanga yekhayo amezedwenso ndi malire awa ine ndikuonerera? Ndinatsimikiza mumtima kuti ukwati umenewo suchitika.

Ababa anali pakhonde, akumva zonse.

"Anthuwo achokera dera liti?" anafunsa.

"Kuseri kwa Mandimba, agogo," anatero Nicholas.

Anangodzuka n'kulowa kuchipinda. Ine ndinati ehe, nawonso zawanyansa.

3

Kukana poyera sindinafune, chifukwa mnyamata ukamukaniza ndiye wamupatsa mphamvu. Ndinaganiza zoti anthuwo athawe okha. Mwambo umati akuchimuna ndiwo amapita kuchikazi, koma ine ndinautembenuza.

"Auze abwere kuno," ndinamuuza Nicholas. "Kukampu kuja tikakhala pati? Adzaone nyumba imene mwana wawo akufuna kuidziwa."

Cholinga changa chinali choti akaona makapu athu, mabuku a nyimbo ndi bolodi lija, adziyeze okha n'kuona kuti saizi yawo si imeneyi. Ndinaitananso a Blackson, mkulu wa mpingo, kuti adzakhale mboni ya mmene anthu amabwerera ndi manyazi.

Ababa atamva za tsikulo anati akufuna kukaona anzawo akale ku Monkey Bay, adzabwera alendo atapita. Sindinawaletse. Ndinali ndi ntchito imene inkafuna iwo kulibe.

Atangokwera basi, ndinatulutsa chitini chija pansi pa bedi lawo. Ndinkafuna bolodi lidzaze, pasaoneke nsalu. Ndinafunyulula tinsalu tonse, kupukuta, kusankha. Pansi penipeni ndinapeza kena kokulungidwa mosiyana, m'kachikopa ka mbuzi kouma gwa. Kanali kabaji kamkuwa, kolemera, kakuda ndi ukalamba. Kasingano kake kakumbuyo kanathyoka kalekale, ndipo m'malo mwake wina anamangirirapo mbedza yowedzera nsomba.

Ndinakakwecha ndi phulusa ndi ndimu mpaka kanayamba kuwala ngati chikho cha paguwa. Pakati panatuluka chishango, m'munsi mwake malemba: ALGODAO.

Tsono ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ya pa mishoni, osati zamasiku ano. Ndinaona G, O, D zitandandalika pakati pa mawuwo, ndipo ameneyo ndi Mulungu m'Chingerezi. Zilembo zotsalazo ndinati ndi Chilatini, chilankhulo cha ansembe akale. Ndinagwira pachifuwa. Abale inu, ababa anga kudzichepetsa kwake! Kulandira mendulo kwa Abishopu n'kuibisa pansi pa chitini zaka zonsezi, masikauti ali pagalasi.

Ndinazula baji la masikauti limene linali pakati, n'kukolekapo mendulo ya Abishopu.

4

Alendo anachedwa, lole imene anapempha inawafera m'njira, moti anafika dzuwa litapendeka. A Carlos anali bambo wamtali, wowonda, wa imvi za apo ndi apo, atavala jekete loti mwini wake woyamba anali wonenepa. Triza anagwada pakhomo, moni wake waulemu, Chichewa chake chokometsera ndi Chiyao. Ndinamufufuza paliponse kuti ndipeze polakwika, osapapeza, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa kwambiri.

Tiyi ndinawapatsa wamkaka, m'makapu a maluwa. Atamwa ndinaimirira, kutenga kandodo, n'kuyamba kuwayendetsa pabolodi ngati mphunzitsi.

"Ili anawapatsa ndi mkulu wa asilikali. Ili ndi la njanji. Ili la kwaya ya ku Likoma. Banja lino, bambo, ndi lodziwika. Munthu akafunsa kwathu, timaloza."

"Zokongola, mayi," anatero a Carlos.

"Koma iyi," ndinagogoda galasi pakati, "ndi mendulo imene Abishopu anapereka kwa ababa anga ndi manja awo. Malembawo ndi Chilatini, musavutike nawo."

A Blackson anayandikira, magalasi pamphuno. "Zoona? Ine a Petulo sanandiuzepo."

"Ndi munthu wosadzitama," ndinayankha.

A Carlos anali ataima, khosi litasololoka. "Mayi, mungandilole ndikagwire?"

Ndinatsekula galasi mokondwa. Ndinati akamva kulemera kwake, nkhani yatha. Anakaika pachikhatho, kukayang'ana nthawi yaitali.

"Mwati Chilatini?"

"Eya. Dzina la Mulungu lili pakatipo."

"Pepani, mayi. Ichi ndi Chipwitikizi. Algodao ndi thonje."

"Thonje lake liti?"

"Thonje lomweli, lolima."

A Blackson anatsokomola chifuwa chimene analibe. Nicholas anayang'ana kudenga. Ine nkhope inatentha, koma sindinagonje. "Mwina Abishopuwo anali ndi munda," ndinatero.

A Carlos sanaseke, ndipo kusaseka kwawoko kunandiwawa kuposa kuseka. Anafotokoza pang'onopang'ono. Nthawi ya Apwitikizi, mayi aliyense kwawoko ankapatsidwa munda wa thonje woti alime, afune asafune. Oyang'anira minda anali anthu akuda omwe, akapitawo, ndipo ankavala kabaji kameneka pachifuwa. Thonje la munthu likapepuka pasikelo, kapitawo ankamumenya m'manja ndi kathabwa kobowolabowola mpaka zikhatho kutupa.

"Ndiye kuti wina anangowapatsa m'sitima," ndinatero msanga. "Ababa amatola zilizonse."

"Zingatheke," anatero a Carlos, n'kukatembenuza kuti andibwezere.

Ataona kumbuyo, dzanja lawo linaima m'malere. Anakhudza mbedza ija ndi chala. Kenaka anakhala pansi, osati pampando, pansi penipeni pasimenti.

"Ababa, mwatani?" anafunsa Triza.

Anatambasula dzanja lamanzere. Patsinde pa chala chachikulu panali chipsera chakale, chokhota.

"Mayi," anatero ndi mawu otsika, "mwini wake wa kabaji aka ali moyo?"

Nthawi yomweyo ndinamva ndodo ikugogoda pakhonde. Ababa anali atabwera, poganiza kuti alendo anapita kale.

5

Anaima pakhomo, kachikwama m'manja. Anayang'ana galasi lotsekula, anayang'ana munthu wokhala pansi uja, kenaka anayang'ana ine. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira.

A Carlos sanadzuke. Analankhula m'Chiyao, ndipo Chiyao ife a kuno timachimva bwino lomwe.

"Amayi anga ankati bambo anga anali kapitawo, dzina lawo che Atumani. Kabaji kawo katathyoka, amayi anakakonza ndi mbedza ya achimwene awo. Ine ndili wakhanda ndinakagwira ali atandinyamula, mbedza n'kundilowa apa. Nkhope yawo sindiidziwa. Chimene anandisiyira ndi ichi."

Ndinadikira kuti ababa aseke, anene kuti bamboyu wasokonezeka ndi njala ya kukampu. M'malo mwake anaika kachikwama pansi, n'kuyankha m'Chiyao chimene sindinawamvepo akulankhula chotero, cha kumapiri, osati chapamsika.

"Celestina ali kuti?"

"Amayi anatsala m'njira pothawa. Tinawaika pafupi ndi mtsinje, tisanafike malire."

Ababa anagwira chitseko. A Blackson anawakhazika pampando.

"Ababa," ndinatero, "si inu a Petulo? Simunakulire pa mishoni?"

"Pa mishoni ndinafika ndili ndi ndevu, Hana. Dzina la Petulo anandipatsa pondibatiza."

Anafotokoza osatiyang'ana. Anali kapitawo ndithu, ndipo anthu anawamenya, ambiri, ena oti anawaona akubadwa. Chaka china mvula inavuta, thonje la mkazi wawo yemwe linapepuka pasikelo. Mzungu anawapatsa kathabwa kaja anthu onse akuona, nati mawa uyambe ndi ameneyu.

"Kumumenya sindikanatha. Kukana sindikanatha. Ndinathawa."

"Anawamenya wina," anatero a Carlos. "Anawonjezera ndi zanu."

"Ndinkadziwa kuti zitero."

Ine m'mutu munkazungulira zinthu zambiri, ndipo ndikanakonda kukuuzani kuti choyamba chinali chisoni. Ayi. Choyamba chinali choti a Blackson amva zonse, ndipo akazi awo ali m'bungwe lathu. Ndinali nditaitana mboni kuti idzaone othawa kwawo akuchita manyazi, ndipo inaonadi, kungoti wothawa kwawo wamkulu anali mwini nyumba.

6

Koma mutu wanga sugona. Pakati pa manyazi onsewo ndinaona kanjira, ndipo ndinakalowa mothamanga.

"Chabwino," ndinatero, n'kuwomba m'manja kamodzi. "Zamveka. Ngati a Carlos ndi mwana wa ababa, ndiye kuti ndi achimwene anga. Triza ndi mwana wa achimwene anga. Ana awa ndi magazi amodzi. Ukwati palibe. Mulungu watiululira nthawi yabwino."

Nicholas anadzuka. "Amayi..."

"Khala pansi. Ukufuna kukwatira mlongo wako?"

A Blackson anavula magalasi, kuwapukuta ndi nsonga ya tayi, mosafulumira konse.

"Mayi Hana, tiyeni tiwerenge bwino. Inu ndinu wamkazi, awa ndi aamuna. Mwana wa mlongo ndi mwana wa mchimwene, amenewo kuno timawatcha chiyani?"



"Ndi asuweni," anadziyankha okha. "Chikhala kuti nonse ndinu akazi, kapena nonse aamuna, bwenzi ali pachibale choletsa. Koma chisuweni? Makolo athu ankachita kufunafuna ukwati wotere. Anawa akanakulira mudzi umodzi, bwenzi akutchulana mkazi wanga, mwamuna wanga, kuyambira ali osavala."

"Zimenezo n'zachikunja. Mpingo sungalole."

"Mndandanda wa oletsedwa kukwatirana uli kumapeto kwa buku la mapemphero, ndipo ndimauwerenga chaka ndi chaka. Agogo alimo, azakhali alimo. Msuweni mulibe."

Ndinapitabe kwa ansembe m'mawa mwake, nawonso anandiuza zomwezo, n'kuwonjeza kuti ndiyamike Mulungu pondipatsa mchimwene pa ukalamba. Ndinayamika, mano ali chilumire.

Ukwati unachitika mvula isanagwe. Anthu anadya, anavina, ndipo mayi aliyense wa m'bungwe lathu anapeza mpata wondifunsa ngati chaka chino ndilime thonje.

7

Triza ndisamunamizire, anali mpongozi wabwino. Ankanditcha azakhali pamaso pa anthu, amayi tikakhala awiri. Koma mantha anga sanathe. Wailesi ikangotchula za zokambirana za mtendere, ine ndinkaithimitsa, ngati kuti nkhondo imamvera wailesi yanga. Ndine munthu mmodzi m'boma lonse la Mangochi amene sindinkapempherera mtendere ndi mtima wonse.

Mtendere unabwera osandifunsa. Chaka chotsatira malole anayamba kutenga anthu kubwerera kwawo, ndipo kampu ija inayamba kuphwasuka.

Nicholas anabwera ndi mkazi wake masana ena, mwana ali kumsana. Ndinakhala pansi ndisanauzidwe, kuti nkhaniyo indipeze ndili chikhalire.

"Amayi, apongozi anyamuka sabata yamawa."

"Ndamva. Katundu wako wamanga?"

"Katundu wanji? Ine ndapeza ntchito ku hotela ku Nkopola, yoyendetsa galimoto ya alendo. Tikukhala."

Ndinayang'ana Triza. "Iwe sukufuna kwanu?"

"Kumene kuja ndinaonako moto wokhawokha, amayi. Mwanayu akulire kuno."

Ndinaseka, ndinalira, ndinapha nkhuku. Zaka zonse zija ndinkadwala matenda oti kulibe.

Tili pakati pa kudya, ababa anasamba m'manja msanga, n'kunena ngati akunena za nyengo.

"Malo a m'lole amene Triza wawasiya, ndikhalamo ine."

"Mupite kuti?"

"Kwathu."

"Kwanu ndi kuno, ababa. Manda a amayi ali kuno. Ine ndili kuno."

"Iwe ndakhala nawe kuyambira tsiku lobadwa. Carlos ndinamusiya akuyamwa. Ndikaone pamene anagona mayi ake, ndikanene zimene ndikanene."

"Ndi miyendo imeneyi? Kumene kuja kulibe chipatala, kulibe tchalitchi, m'minda muli mabomba."

"Ndikudziwa."

Ndinakalipa, ndinachonderera, ndinabisa nsapato zawo. Ndinapita kwa a Carlos kukawauza kuti akundibera bambo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Achemwali, ine sindinawapemphe. Ndipo sindinawakhululukire. Koma akakwera, sindiwatsitsa."

Tsiku lonyamuka ndinawafunsa ngati ndiwamangire mabaji awo. Anapukusa mutu.

"Amenewo ndi a anthu ena, Hana. Ndinkangodziphimba nawo."

Anakwera lole atavala jekete loyera la m'sitima, n'kukhala pa thumba la ufa pakati pa anthu amene ndinawapatsa zitenje. Anakweza dzanja kamodzi. Lole itakhota, sindinawaonenso.

8

Inu owerenga, ndikudziwa mukufuna phunziro, chifukwa nkhani zotere zimathera pa phunziro. Ena mwa inu munena kuti musamanyoze othawa nkhondo, simudziwa agogo anu anachokera kuti. Ena munena kuti musamatsekule zitini za makolo. Tengani limene lakukomerani. Ine chimene ndikudziwa n'choti ndinakhala pakhomo limodzi ndi chibonga, kulondera mwana kuti asatuluke, pamene wotuluka anali kumanga katundu kuchipinda china. Ndipo njira ndinamutsekulira ndine, pofuna kuoneka wapamwamba pamaso pa munthu wovala jekete lopatsidwa. Ndimawasowa ababa anga, ndipo masiku ena ndimawakwiyirabe.

Anakhalako nyengo ziwiri za dzinja. Uthenga unkabwera mwa apo ndi apo kudzera mwa ogulitsa nyemba: ali bwino, alima chinangwa, miyendo ikuvuta.

Tsiku lina m'mawa ndikusesa pabwalo, panaima bambo wina panjinga, fumbi mpaka m'nsidze, kapu yoyera kumutu. Anapereka moni, nafunsa:

"Pepani mayi, pano ndi pa mwana wa che Atumani?"

"Ayi bambo, mwasokera. Pano ndi pa a Petulo."

Anathokoza, natembenuza njinga. Ine ndinapitiriza kusesa, ndikudandaula mumtima za anthu oyenda osadziwa kumene akupita. Ndinasesa mpaka pa mtengo wa mango, m'pamene tsache linagwa lokha m'manja.

Ndinathamanga opanda nsapato, chitenje chikumasuka, ndikukuwa mumsewu wonse wa Malindi anthu akundiona: "Bambo, imani! Ndine! Mwana wa che Atumani ndine!"

Anaima patali, natsika panjinga. Pamene ndinkamuyandikira anali atayamba kale kuyang'ana pansi.